Tiketi Imene Yotamu Sanadule

Kalekale, koma osati kale loti mboni n'kusowa, pa Mponela panali bambo wina dzina lake Yotamu Chinkhuntha. Ntchito yake inali ya kabaza wa njinga yamoto. Njingayo anaigula atalima soya zaka zitatu, ndipo ndiyo inkadyetsa iye ndi mkazi wake, Felesiya.

Mpira Yotamu ankaudziwa. Ankadziwa wosewera amene akubisa bondo lovulala, timu imene imafooka ikamasewera koyenda, ngakhale goloboyi amene amanjenjemera pa penate. Anzake a pa siteji ya kabaza anamupatsa dzina loti Kochi. Tsiku lina mmodzi wa iwo anati, "A Kochi, nzeru zonsezi mukungotigawira ulere. Bwanji osabetcha?"

Anabetcha, anawina. Anabetchanso, anawinanso. Kachitatu analuza, ndipo tsiku lonse mumtima munali fuu ngati moto. Mawa lake anaika zochuluka kuti abweze zadzulo, nazonso zinapita. Pasanathe chaka, ankati akangotsitsa kasitomala, ndalama isanafunde n'komwe m'thumba, iye wafika kale ku shopu yobetchera. Felesiya analankhula mpaka mawu anamuthera.

Woyamba kuchitapo kanthu anali mlongo wake wa Yotamu, Elube, mphunzitsi wa pa pulayimale. Iye sanakalipe. Anabwera ndi kope la ana asukulu, nati, "Achimwene, ine sindikukuletsani. Ndikungofuna kudziwa chinthu chimodzi. Amene amabetchayo ndi mutu wanu kapena mtima wanu?"

"Mutu, achemwali. Mpira ndi masamu."

"Chabwino. Musanadule tiketi iliyonse, muzilemba mzere umodzi m'kopemu: lero kwachitika chiyani, ndipo mukumva bwanji."

Yotamu anaseka, komabe ankalemba, pofuna kumuonetsa mlongo wake kuti walakwa. Patatha miyezi iwiri, Lamulungu lina atachoka kutchalitchi, awiriwa anakhala pakhonde n'kutsegula kopelo. Masiku amene analemba kuti "ndili bwino", ankaika pang'ono, mwinanso osabetcha n'komwe. Koma matiketi onse akuluakulu anali pansi pa mizere yonga iyi: "Dzulo andibera ndi chigoli cha mphindi yomaliza." "Kasitomala wanditukwana." "Anzanga andiseka." Yotamu anawerenga kawiri, kenako anatseka kopelo pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti ndikapsa mtima, mpira sindiuonanso," anatero.

Yotamu anachita mantha ndi zimene anaona, chifukwa anali atayamba kale kuganiza zogulitsa njinga kuti aike zonse pa masewero amodzi. Tsiku lomwelo anatenga mapepala a njingayo n'kupita nawo kwa mnzake wa pa siteji, Hasiwelo, munthu wamtali wosakonda zolankhulalankhula.

"Aise, sunga mapepalawa," anatero Yotamu. "Ndikadzabwera kudzawafuna chifukwa cha mpira, usadzandipatse. Ngakhale ndilire, ngakhale nditukwane."

"Ndamva," anayankha Hasiwelo.

Ameneyu ndiye wachiwiri, ndipo tsiku lake linafika pa Loweruka la masewero omaliza a chikho. Sabata imeneyo Yotamu anali ataluza kanayi motsatizana. M'mawa anafika pa siteji ali ndi munthu wofuna kugula njinga, ndalama zili m'manja.

"Hasiwelo, mapepala aja. Lero ndilibe chikayiko. Timu ya kumpoto iwina zigoli ziwiri kwa chimodzi."

"Unandiuza kuti ndisakupatse."

"Amene anakuuzayo ndine, amene akukuuza panonso ndine! Njinga ndi yako kodi?"

"Ndi yako. Koma sindikupatsa."

Yotamu anapempha, anagwada, anatukwana. Pomaliza anamumenya mnzakeyo chibakera pakamwa, dzino lakutsogolo n'kuguluka. Hasiwelo analavula magazi, osabwezera, koma mapepala sanatulutse. Wogula uja ataona ndewu anabweza ndalama zake m'thumba n'kumapita.

Tsono mverani chimene chinachitika. Masana mpira unaseweredwa, ndipo timu ya kumpoto inawina zigoli ziwiri kwa chimodzi, ndendende mmene Yotamu ananenera. Akanadula tiketi ija, akanagula njinga zitatu zatsopano. Siteji yonse inamutembenukira Hasiwelo. Ena ankati ndi nsanje, ena ankati ndi ufiti. Kwa milungu ingapo anzake sankamupatsa ngakhale moni.

Apa Yotamu anafika poipa kuposa kale, pakuti tsopano anali ndi umboni woti iye salakwitsa. Anapeza munthu wina wogula njinga mosafunsa mapepala, napangana naye kuti akumane Lachisanu. Lachinayi anapita ku shopu yobetchera kukaona masewero a sabata imeneyo. Kumeneko anapeza wachitatu, mayi Jesitina Nagama, amene ankadula matiketi pa kauntala. Mayiwa sanali m'bale wake, sanalinso mnzake. Ankangomudziwa nkhope ndi kayendedwe.

"A Kochi," anatero mayiwo motsitsa mawu, "ndamva kuti mnzanu anakulepheretsani chuma. Ndikufunseni. Mukanawina Loweruka lija, Lamulungu mukanatani?"

"Ndikanagula njinga zitatu."

"Ine ndakhala pano zaka zinayi. Woluza amabweranso mawa. Wowina amabweranso tsiku lomwelo, ndipo amabwera ndi zonse. Sindinaonepo mmodzi akupita kogula njinga."

Yotamu anakwinya nkhope. "Enawo sadziwa mpira, mayi."

"Mwina. Ndiye tiyeni tiyese, inenso ndikufuna kuona. Njinga isungeni mwezi umodzi wokha. Masewero aliwonse amene mtima ukukuuzani kuti palibe chikayiko, ngati aja a chikho, muzilemba pa pepala n'kundipatsa mpira usanayambe. Osaikapo ngakhale tambala. Akakwana khumi, tiwerenga limodzi."

Mawu oti "inenso ndikufuna kuona" anamukola Yotamu, poti anali munthu wokonda kutsimikizira anthu kuti amadziwa. Anauza wogula uja kuti adikire. Mwezi utatha, mayi Nagama anatulutsa mapepala khumi aja m'kachikwama n'kuwayala pa kauntala. Asanu ndi awiri Yotamu analondola.

"Mwaona?" anatero monyada. "Asanu ndi awiri pa khumi!"

"Mpira mumaudziwadi," anavomera mayiwo. "Koma taonani pepala lachitatuli. Munaphonya. Munthu woika zonse nthawi iliyonse, lachinayi salifika. Njinga zanu zitatu zija zikanathera apa, pamodzi ndi iyi mwaimika panjayi."

Yotamu anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Anakumbukira kuti tsiku limene ankalilemba analibe chikayiko ngakhale pang'ono, chimodzimodzi tsiku la chikho. Anatuluka osadula tiketi, ndipo sanabwererenso. Analunjika kwa Hasiwelo, nagwada, napepesa.

Mwini shopu anamva kuti wantchito wake wabweza kasitomala wamkulu, ndipo mwezi womwewo anawachotsa ntchito. Mayi Nagama, amene ankalera okha ana awiri, anayamba kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu.

Chaka chotsatira Felesiya anabereka mwana wamkazi, woyamba pakhomopo. Atatuluka m'chikuta anauza mwamuna wake kuti, "Amuna anga, mwanayu wapeza denga chifukwa cha munthu amene anakupulumutsani. Ameneyo ndiye atchule dzina, ndipo mwanayu azidzamudziwa ngati kholo lake."

Yotamu anavomera, koma atayesa kutchula munthuyo, pakamwa panatuluka mayina atatu. Choncho anawaitana onse, n'kuwauza kuti aliyense anene mbali yake.

Elube anati, "Ine ndinapeza pamene panali matenda. Chikhala kuti si kope lija, achimwene sakanadziopa okha, ndipo mapepala sakanafika kwa a Hasiwelo. Njinga ikanapita kalekale, enanu musanadziwe n'komwe."

Hasiwelo analankhula dzanja lili pakamwa, pobisa pamene panali dzino. "Kudziwa matenda ankadziwa, koma Loweruka lija anabwerabe ndi wogula. Tsiku limenelo kope silinamugwire. Ndinamugwira ndine. Ndipo ndinasunga mawu ake ngakhale pamene mpira womwe unkandinena kuti ndine wolakwa."

Mayi Nagama anati, "Mlongo amathandiza chifukwa ndi magazi ake, mnzake amathandiza chifukwa anapangana. Ine sindinapangane ndi munthu. A Hasiwelo anatseka chitseko tsiku limodzi, koma a Kochi anali atapeza kale khomo lina. Ine ndinawachotsa chifuniro chotulukira, ndipo ntchito yanga inathera pomwepo."

Achibale amene anabwera kudzaona mwana anagawikana. Ena ankati woyamba ndiye mwini zonse. Ena ankati nzeru popanda munthu wolimba mtima wokugwira dzanja n'zachabe. Amalume ake a Felesiya anafunsa ngati n'koyenera kuthokoza munthu amene anakuletsa tiketi yowina, ndipo mkangano unayambiranso pachiyambi. Dzuwa linapendeka mwana akadali wopanda dzina, ali phee m'manja mwa mayi ake.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, mwanayu sangatchulidwe ndi pakamwa patatu. Kodi dzina atchule ndani: mlongo amene anamuonetsa Yotamu mtima wake, mnzake amene anamukaniza pa tsiku limene akanawina, kapena mayi wachilendo amene anataya ntchito pomutsegula maso?