Zaulere za a Bonifasio

Pashopu ya a Magadalena pa Bembeke, pomwe anthu amasindikizitsa makadi ndi timabuku ta nyimbo za Misa, panali kompyuta yokalamba koma yomvera. Mng'ono wawo Nomsa ndiye anaiikira Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa makina, n'kusiya langizo limodzi: "Mukafuna pulogalamu ina, tengani m'nkhokwe yake momwemo. Zotola kwina n'zaulerenso, koma zimakangana."

Pa mawu onsewo, amuna a Magadalena, a Bonifasio, anangomva akuti ulere. Mkamwini ameneyu ankadziwika ndi ulimi wa mbatata ya kachewere basi, ndipo zinkamuwawa. Sabata ya ukwati wa Nomsa analumbira kuti timabuku ta Misa apanga okha, apongozi adziwe kuti pamudzi panabwera munthu.

Anayamba ndi pulogalamu yojambula maluwa yomwe anaitola pa intaneti. Iyo inati singagwire popanda inzake, inzakeyo inafuna ina yatsopano, yatsopanoyo n'kudana ndi yakale yoyendetsa pulinta. A Bonifasio sanabwerere m'mbuyo. Anawonjeza ya zilembo zopotana, ya nkhunda zouluka, ngakhale yoonera nyenyezi, poti nayonso sinkalipiritsa.

"Bambo a Fiona, kodi zomwe zilipozi sizikukwana?" anafunsa a Magadalena.

"Mayi, atakupatsani munda waulere, mungalime mzere umodzi?"

Lachisanu masana kompyuta inalemba chenjezo lalitali ngati ulaliki, loti kuti mapulogalamu achilendowa akhale, iyenera kuchotsa eni nyumba. Inafunsa ngati akutsimikiza. A Bonifasio, omwe ngakhale kutchalitchi sadikira kuti ulaliki uthe, anayankha kuti inde. Makinawo anamvera mwaulemu wonse. Zithunzi zinapita, pulinta inakhala chete, patsogolo pawo n'kutsala mdima ndi kamzere koyera kakuphethira. Timabuku tinali m'katimo ndithu, koma khomo lolowera linali litachoka.

Nomsa akanakonza, koma anali atabindikiritsidwa kwa alangizi, ndipo palibe mkamwini amene akanakagogoda kumeneko.

Loweruka kwaya inaimba za pamtima, alendo akuchimuna akungogwedeza milomo manja ali lende. Apongozi sanakalipe. Anangoitana a Bonifasio n'kunena mofatsa kuti, "Inu odziwa za makina, tatiyang'anirani njingazi panjapa."

Misa yonse anaimvera pazenera, ali pakati pa njinga, chisanu cha ku Dedza chikuwalowa m'mafupa. Akuluakulu sananame: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.