Nangozo ndi Mpunga wa Mizu Yowawa

Kalekale, m'mphepete mwa dambo lina, munkakhala mayi wamasiye dzina lake Nangozo. Ankalima mpunga, ndipo ana ake ankadalira khasu lake lokha.

Pansi pa munda wakewo panali tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Tinkalowa m'mizu n'kumayamwa. Mizu inkatupa mfundomfundo, masamba n'kuchita chikasu, ngala n'kutuluka zopanda kanthu.

Tsiku lina mlongo wake Chikaonda anabwera kuchokera kutsidya kwa mtsinje, atanyamula kathumba ka mbewu.

"Achemwali, dzalani uwu," anatero. "Mizu yake njowawa. Tinyongolotsi sitiidya."

Nangozo anadzala. Tinyongolotsi tinaluma muzu, tinalavula. Tinaluma wina, tinalavula. Tinayamba kufa ndi njala. Chaka chimenecho nkhokwe inadzaza.

Anadzalanso womwewo, nkhokwe inadzazanso. Mbewu zake zakale anadyetsa nkhuku.

Komatu, mwanawe, pakati pa tinyongolotsi tija panali kamodzi kouma mtima. Kanaluma, kanamva kuwawa, koma kanameza. Sikanafe. Kanaswa ana n'kuwauza kuti, "Idyani, ana anga. Kwina kulibe chakudya."

Ana anadya akuchita tsinya. Adzukulu anadya osachita tsinya. Zidzukulutudzi zinafunsa kuti, "Kodi kuwawa n'chiyani?"

M'mawa wina Nangozo akupalira, Mpunga unamuitana.

"Mayi, pansi pano andizolowera. Ndipumitseniko, mudzaleko china."

Nangozo anayang'ana masamba, anaona obiriwira.

"Ndidzale china, ana anga adye chiyani? Khala chete, ubereke."



Mvula inagwa, Nangozo anadzala womwewo. Inagwanso, anadzala womwewo. Kenako masamba anayamba kuchita chikasu, kuyambira pakati pa munda mpaka m'malire. Anazula phando limodzi. Mfundo. Anazula lina. Mfundo. Anakhala pansi m'matope momwemo, khasu lili pamwendo.

Chaka chimenecho ana anagonera mango owiritsa, ndipo wamng'ono anaonda mpaka nthiti kuonekera.

Nangozo anabwerera kumunda.

"Mpunga iwe, nditani?"

"Ine ndatha, mayi. Zimene ndinali nazo adani a pansiwa azidziwa zonse. Akhalitseni ndi njala."

Nangozo anadzala mtedza pamalopo. Tinyongolotsi tinafunafuna muzu wa mpunga, osaupeza. Tambiri tinafa. Iye anayenda khomo ndi khomo kupempha mbewu za mpunga zamitundumitundu, apa dzanja limodzi, apo dzanja limodzi. Atabwezeramo mpunga, ankati chaka chino uwu, chaka chamawa uwo, kenako mtedza. Ana anayambanso kukhuta.

Koma tinyongolotsi sitinathe tonse ayi. Mpaka lero tili m'nthaka, tikudikira mlimi amene adzatipatse chakudya chimodzimodzi chaka ndi chaka.

Ndiye iwe ukadzapeza mbewu yolimba, uzidzaipumitsa. Ukamapatsa mdani chowawa chomwechomwecho, amafika pochizolowera.

Yanga nthano ndi imeneyo, yathera pomwepa.