Holo ndi Tenti za Dokotala Likongwe

Ana inu, ena amati mwambi wa mapanga awiri unachokera kwa alenje a m'mapiri. Kaya. Ine ndinaumva ukubadwira pa koleji ya aphunzitsi ya Chamtulo, ndipo mwini nkhaniyo anali munthu wophunzira zedi.

Dokotala Likongwe anali mkulu wongogwirizira wa kolejiyo. Bungwe loyang'anira koleji linati lidzawakhazika pampando likadzaona mmene ayendetsere mwambo wopereka masatifiketi. Pofuna kunola luso, iwo anapita ku maphunziro a utsogoleri kawiri. Ku Lilongwe anawauza kuti mtsogoleri wanzeru satsutsana ndi aphunzitsi ake. Ku Zomba anawauza kuti eni koleji ndi ophunzira. Zonse ziwiri anazilemba bwinobwino m'kope, koma pobwerera mutu unali utawaima.

Aphunzitsi anabwera nati, "Bwana, mwambo uchitikire mu holo. Disembala uno mitambo ndi yosadalirika."

Likongwe anasuzumira m'kope. "Mwanena zoona."

Madzulo ake kunabwera ophunzira. "Bwana, holo ndi yaing'ono, makolo athu sakwanamo. Tikhome tenti ku bwalo la mpira."

Likongwe anavundukula tsamba lina. "Inunso mwanena zoona."

Mayi Nankhuni, mlembi wamkulu wa koleji, anawatsatira mu ofesi. "Nanga bwana, m'makalata oitanira alendo ndilembe malo ati?"

"Taimani kaye, mayi, ndiione bwino."

Kunena zoona, ankaopa. Akasankha holo, ankaona nkhope za ophunzira. Akasankha tenti, ankamva kung'ung'udza kwa aphunzitsi. Anaiona nkhaniyo mpaka tsiku linakwana, aliyense ataitana anthu ake kumalo ake.

M'mawa wa tsikulo wapampando wa bungwe ndi aphunzitsi anakhala mu holo, atavala mikanjo. Makolo ndi ana awo anadzaza tenti kutsidya kwa bwalo. Kwaya inagawikana pakati. Likongwe ananyamula okha katoni ya masatifiketi, poti sanadziwe woti amutume kuti apite nayo kuti.

Analunjika ku holo. Ali pafupi, anamva nthungululu ku tenti, natembenuka. Atafika pakati pa bwalo, foni inalira: wapampando watopa kudikira. Anatembenukanso. Pomwepo mitambo inang'ambika, chimvula n'kukhuthuka ngati wina wagubuduza mgolo.

Holo inali apo, tenti inali apo, mtunda wofanana. Anathamanga pang'ono uku, pang'ono uko, kenako anangoima. Katoni inafewa, n'kubooka pansi. Masatifiketi mazana awiri anamwazikira m'matope, mbali zonse ziwiri zikuonerera.

Mayi Nankhuni anabwera ndi ambulera. Likongwe anawayang'ana, madzi akuchucha pa chipewa cha udokotala. "Mayi, ine ndalakwa pati? Onse ndinawamvera."

"Munawamvera, bwana, koma simunawauze kanthu. Mukanaloza kumodzi, ena akanadandaula tsiku limodzi, koma tonse tikanakhala pouma. Mapanga awiri avumbwitsa."

Mpando uja bungwe linaupereka kwa wina, ndipo ophunzira anapita kwawo chimanjamanja. Ndimawamvera chisoni bambowa, chifukwa mtima woipa analibe.

N'chifukwa chake mpaka lero timati mapanga awiri avumbwitsa. Munthu akaona pobisala pawiri n'kumalephera kusankha, mvula imamupeza ali pakati. Kumvera anthu n'kwabwino, koma wotsogolera akamva zonse ayenera kuloza kumodzi, ena akwiye akwiye.