Alibe Wachiwiri

Che Twaibu, muazini wa mzikiti wina wa ku Ntaja, anafika kwa Shehe Mtelela dzuwa litapendeka, akuyenda ngati munthu wokapepesa maliro. Mudzi wonse unkamudziwa bamboyu ndi mawu ake, ndipo naye mwini wake ankadziwa bwino kuti mawu ali nawo. Akamaitana azana, mfuu yoitanira anthu ku swala, mapemphero a Asilamu, ngakhale amayi a kudimba ankaweramuka. Koma sabata imeneyo mawuwo sanamveke. Ankangotumiza uthenga woti pakhosi pavuta, chonsecho pamsika ankanenerera tomato bwinobwino.

Anawapeza Shehe pakhonde akusoka mkeka wa kumzikiti umene unang'ambika. Atapatsana salamu, Che Twaibu anakana mpando n'kukhala pansi, maso ali ku zala za kumapazi.

"Pakhosi pali bwanji, Che Twaibu?" anafunsa Shehe.

"Pakhosi palibe vuto, Shehe. Ndinanama. Vuto lili pa lilime."

Shehe sanasiye kusoka, ndipo mlendoyo anafotokoza. Mkazi wake, Abiti Saidi, anataya magazi ambiri pobereka. Kuchipatala anati magazi asowa, achibale ayezetse, koma mwa onse amene anayezetsa palibe amene ake anagwirizana ndi a wodwalayo. Kenaka panatulukira a Gondwe, mphunzitsi wa pulayimale woyandikana naye nyumba, munthu woti si Msilamu n'komwe. Anatsamiritsa njinga pamtengo, anapinda malaya, ndipo magazi awo anagwirizana. Abiti Saidi atatsegula maso, Che Twaibu anathamangira panja, anagwada n'kugwira a Gondwe miyendo.

"Ndiye ndinakuwa, Shehe, ndi mawu omwewa oitanira swalawa. Ndinati, 'Inu ndinu mulungu wanga wachiwiri!' Khonde lonse la chipatala linamva, ena mwa iwo anthu oswali nafe pamzere umodzi."

Manyazi anali atamudya munthu uja mpaka kuonda.

"Chichokereni tsikulo ndikuswalira m'nyumba, mothamanga ngati wakuba. A Gondwe ndikawaona ndimakhotera njira ya kuchigayo. Tandiuzani, Shehe, pakamwa pamene panapatsa Allah mnzake patulukenso mawu oti palibe wopembedzedwa koma Iye yekha? Ndapota nanu, pezani muazini wina."

Shehe anamaliza msoko, anadula ulusi ndi mano, kenaka anayankha mofatsa.

"Sindikunamizani, mawuwo ndi olakwika. Anthu kuno amawanena mwachizolowezi, kwa dokotala, kwa amayi awo, kwa aliyense wowaombola, koma chizolowezi sichiwayeretsa. Tsono ndifunseko. Pamene munkagwada paja, mtima wanu unkati a Gondwe ndi amene analenga magazi?"

"Ayi, Shehe. Ngakhale pang'ono."

"Nanga anawaika ndani m'thupi mwawo, n'kuwagwirizanitsa ndi a Abiti Saidi?"

"Ndi Allah."

"Ndiye kuti mtima unaima pamalo pake, lilime ndi limene linaterereka ndi chimwemwe. Limenelo lilape. Koma pali cholakwa china chimene simunachitchule. Munthu anakupatsani magazi a m'thupi mwake, inu mukumubwezera nkhongo. Iyeyo walakwanji? Pitani mukamuthokoze ndi dzina lake lenileni. Ndi a Gondwe, mnansi wabwino, ndipo dzina limenelo likuwakwana."

Che Twaibu anagwedeza mutu. Zimenezo sanaziganizepo, ndipo manyazi ake anangowonjezereka.

"Kwa a Gondwe ndipita lero lomwe," anatero. "Koma kuima pamaso pa Allah n'kukweza mawu, ayi ndithu, sindingathe. Nkhope ndilibe. Ndiloleni ndibisale kaye."

Shehe anaika singano pansi. Kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana m'maso.

"Mukabisala kwa yani, Che Twaibu? Mwana akalakwira bambo ake amathawira kwa amalume. Mkamwini akalakwa ali ndi ankhoswe oti akamulankhulire. Akanakhalapo wachiwiri munamutchula uja, bwenzi ndikukutumizani kwa iyeyo kuti akusungeni mpaka manyazi athe. Koma palibe. Amene mwamulakwira ndi Yemweyo wokhululuka, ndipo kulibe khomo lina loti mukagogode. Onani mthunzi, nthawi ya swala ya Alasiri yakwana. Anthu anamva lilime lanu likulakwa. Nyamukani mukaitane azana, akalimvenso likunena kuti Iye ndi Mmodzi."