Lilime la Nguluwe

Kalekale, ana inu ndi akulu omwe, mowa sunkamwedwa Nguluwe asanalawe. Lilime lake linali lodziwa, koma mimba yake inali yakuba. Akati "wakoma," nyama zinkalowa m'munda kulima dima. Akati "wasasa," zinkabwerera ndi makasu awo, iye n'kusenza mtsukowo kukamwa yekha kudambo.

Gologolo zinamuchitikira kawiri, munda wake n'kugonera. Chaka chachitatu, mvula ili pafupi, anafulula mitsuko iwiri. Wina unali wa mapira, wothira masamba onunkhira a m'phiri, owawa pang'ono. Uwu anaubisa. Mu winawo anadonthezera utomoni wa nkhadze, tho! tho! tho!

Nguluwe anafika, nyama zili pambuyo. Anangoyang'ana thovu lokha.

"Wasasa! Ngakhale chule sangasambemo."

"Simunalawe n'komwe, akuluakulu."

"Ine ndimalawa ndi maso, mwana iwe. Bweretsa kuno ndikakutayire."

Nguluwe atangozimirira ndi mtsuko wa nkhadzewo, Gologolo anatulutsa mtsuko wobisa uja. Makasu anayamba kulira, khu! khu! Dzuwa lisanapendeke munda unatha. Kudambo kunamveka mfuu: "Mayo ine! Lilime langa!" Gologolo anaseka mpaka kugwa chagada.

Kenaka anafunsa alimi ake, "Mwakumva kununkhirako? Nanga kuwawa kwa pamapetoko?"

"Kununkhira kwa chiyani?" anatero Njati. "Thira wina, bola kuledzera!"

Gologolo anamuthirira wina. Anafulula chaka chotsatira, chimodzimodzi. Chinanso, chimodzimodzi. Onse ankangopapira ngati madzi a pachitsime.

Tsiku lina anatunga chikho cha mowa wake wabwino koposa, napita kudambo. Anapeza Nguluwe ataonda, akufukula mizu.

"Akuluakulu, ndinakulakwirani. Ndinati mungotsegula m'mimba basi. Tandilawireni."

Nguluwe sanakalipe. Anamwa pang'onopang'ono, nauzunguza m'kamwa nthawi yaitali, maso atatsinzina.

"Thovu lake ndi labwino, mphwanga. Wakale uja ndinkanama, unali wokoma. Koma uwu, undiuze ndiwe. Kodi ndi mowa kapena madzi?"

Gologolo anabwerera chikho chili m'manja, mchira ukukhwekhwereza pansi. Mpaka lero Nguluwe amafukula mizu, kufunafuna umene angaumve kukoma.

Nthano yanga yagwera pomwepa, phi! Wakuba mumumenye padzanja, anthuni, osati pamene pali luso lake. Mawa mudzafuna wokuuzani zoona.