Chipewa cha Nyani ndi Mazira a Nkhanga

Padangokhala, abale anga, chaka chija mvula inadula chimanga chili m'maondo, Nyani anabwerako ku tauni ndi chipewa cha mawaya. Ati ukachivala, chimamvetsera ubongo wako n'kumanena mokweza zimene ukuganiza. Zonse, ndikutitu zonse!

Sabata yomweyo mazira a Nkhanga anasowa, onse psiti. Nyama zinasonkhana pansi pa mkuyu, Njiri ali wapampando, ndipo maso onse anagwera Msulu, poti una wake unali pafupi ndi chisacho. Msuluyu anali mayi wamasiye wa ana anayi. Mazira ankawakonda, inde, mtundu wake ndi wotero, koma a mnansi wake sanawakhudzepo.

"Musavutike ndi mboni," anatero Nyani. "Chipewachi sichinama."

Anamuveka Msulu. Chipewa chinati tswii, kenaka: "Mazira... njala... mazira... mazira."

"Mwamva nokha!" Nkhanga analumpha. "Mfiti iwe! Moni uja wa m'mawa uliwonse, kani unkawerenga ana anga?"

"Nkhani yatha," anatero Njiri. "Dzuwa lisanalowe, Msulu ndi ana ake asamuke."

Msulu anayang'ana ana akewo. Alowera kuti ndi ana anayi chaka cha njala? Koma anayankhula mofatsa.

"Wapampando, sindikana. Mazira ndimawaganiza tsiku lililonse. Amake Mawanga, a Nkhangawa, akamadutsa, malovu amadzaza m'kamwa, ine ndimameza n'kupereka moni. Koma ndisanasamuke, chipewachi chizungulire tonse ngati chikho cha thobwa. Muyambe ndinu, bambo."

Njiri anakhosomola, anakanda pansi, koma maso a gulu anamukanikiza. Anavala. Chipewa chinati tswii: "Mkazi wa Nyani... mayendedwe aja... kamchira kaja..."

Ine mpaka lero ndimasekabe! Mkazi wa Nyani anagwira pakamwa, mwamuna wake tsitsi nyau nyau.

"Ndimangoganiza chabe!" anakuwa Njiri. "Sindinamugwirepo ngakhale chala!"

"Inenso chimodzimodzi, bambo," anatero Msulu.

Chipewa chinapita kwa Nkhanga. Tswii: "Bola akanasowa amuna angawa, osati mazira." Bambo a kunyumba ali pomwepo, mwamva?

Pomaliza chinafika kwa Ng'azi, amene anali ndwii pamwala kuothera dzuwa. Iye anavala mosavuta. Tswii: "Tulo... kukhuta... tulo."

"Onanitu woyera mtima," anatero Nyani. "Za mazira mulibemo."

Msulu anamuyang'ana Ng'azi pamimba, n'kufunsa mwaulemu: "Achimwene a Ng'azi, tonse pano nthiti zili pamtunda. Inuyo mwakhuta chiyani?"

Ng'azi anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma kunatuluka kugeya, ndi kachigoba ka dzira kugwera pamwala, pha! Paja wokhuta saganiza za chakudya. Amachiganiza ndi wanjala, amene akudzigwira.

Ng'azi ndiye anasamuka, n'chifukwa chake mumamupeza yekhayekha kumtsinje. Nkhanga anapita kukapepesa pa una wa Msulu, mutu uli pansi. Nyama zinagwirizana kuti wina asadzavekedwenso chipewacho iye asakufuna, ndipo popeza panalibe wofuna, Nkhanga anachigadamiza n'kumaikiramo mazira. Msulu amadutsa pomwepo m'mawa uliwonse, amameza malovu, amapereka moni. Koma Nyani ndi Njiri, mmm, mpaka pano sapatsana moni.

Yanga yathera pamenepo, abale anga: munthu muzimuimba mlandu pa zimene manja ake achita, za m'mutu mwake n'zake.