Mmene Nyalugwe Anaperekera Njiri ku Timu ya Katumbu

Nyalugwe ankafuna chikho, Katumbu ankafuna timu, ndipo pakati pa awiriwa panali Njiri, yemwe palibe anamufunsa chimene ankafuna. Izi zinachitika kale, pamwamba pa phiri lalitali kumene kuzizira kwa mu Juni kumaumitsa thamanda lonse mpaka madzi kulimba gwa ngati mwala. Pa ayezi ameneyo nyama zinkasewera mpira wothamangitsa phale lozungulira ndi ndodo zokhota, osewera asanu ndi mmodzi mbali ino, asanu ndi mmodzi mbali inayo. Osewerawo sankalima kapena kusaka. Ankadya zimene ochemerera ankabwera nazo.

Matimu analipo asanu, ndipo timu ya Nyalugwe inali itatenga chikho zaka zitatu zotsatizana. Lamulo linkati timu yochitenga kanayi motsatizana isachibwezenso, chikhale chake mpaka kalekale. Nyalugwe, wodzikonda uja, sankalankhulanso nkhani ina. Ukamupatsa moni ankayankha za chikho.

Katumbu anali mayi wa kumtsinje, kunsi kwa phiri, wosalankhulalankhula koma wa maso akuthwa. Kwa zaka zitatu ankakwera phiri n'kukhala m'mphepete mwa thamanda, kumangoonerera. Nyama za kwawo zinatopa ndi kuchemerera matimu a eni, choncho zinamutuma kuti akapemphe timu yawoyawo. Vuto linali limodzi: kumtsinje kunalibe wodziwa kuima pa ayezi kupatula iye yekha.

Khwangwala, woyimbira mpira wa kolala yoyera, atavomera pempho la Katumbu, anaitanitsa makaputeni onse n'kuwauza lamulo. "Timu iliyonse ili ndi osewera khumi," anatero. "Kaputeni aliyense ndimupatsa zingwe za luzi zisanu ndi ziwiri, ndipo wosewera amene wamangidwa luzi pamwendo satengedwa. Mwa atatu otsalawo, mayi Katumbu asankha mmodzi m'timu iliyonse."

"Tiphunzitse ife, adzasewerere wina?" anang'ung'udza Nyalugwe.

"Matimu akachuluka ochemerera amachuluka, ndipo nonse mumadya," anayankha Khwangwala. "Tengani luzi lanu."

Chingwe choyamba Nyalugwe anadzimanga yekha, poti pa chinthu chilichonse sankadziiwala. Ziwiri anamanga goloboyi wake ndi wotchinga kumbuyo wamkulu. Akadalingalira za zinayi zotsalazo, kunatulukira mlongo wake, kumbuyo kwake kuli ana ake anayi omwe ankasewera m'timu yomweyo.

"Achimwene, anawa mwini wake ndinu," anatero mlongoyo. "Mukawasiya opanda luzi n'kutengedwa kupita kumtsinje, ine ndikawauza chiyani abale?"

Kunena zoona, mwa anayiwo mmodzi yekha ndiye ankatha kutembenuka pa ayezi osagwa chagada. Koma atsibweni ndi atsibweni, ndipo Nyalugwe ankamuopa mlongo wakeyo kuposa timu iliyonse. Anawamanga onse anayi. Atayang'ana m'manja mwake anapeza luzi latha, ndipo opanda luzi anali Gwape, Njiri ndi Nungu.

Gwape ndiye anali womwetsa zigoli, waliwiro ndi wamatama, ndipo ochemerera anali ndi nyimbo yake. Nungu anali goloboyi wakale yemwe anakhala panja zaka ziwiri chifukwa ankati wakalamba. Njiri ntchito yake inali yosaoneka bwino. Phale likathawira m'mphepete, muja muli bango ndi matope ouma, iye ankagwada, kulimbana ndi adani awiri kapena atatu, kulifukula, n'kulikankhira kutsogolo kumene Gwape ankadikira. Maondo ake anachita zikang'a, koma nyimbo analibe.

Nyalugwe anada nkhawa. Kutaya Gwape chaka cha chikho chachinayi? M'mawa mwake anatsika phiri, napeza Katumbu ali pamwala akudya nkhanu.

"Mayi, ndisazungulire," anatero. "Gwape musamukhudze."

"Lamulo landilola kutenga aliyense wopanda luzi, bambo."

"Ndikudziwa. Koma mukamusiya, ndikupatsani awiri m'malo mwa mmodzi. Tengani Njiri, ndikuwonjezerani Nungu."

Katumbu anali atamusankha kale Njiri mumtima mwake zaka zitatu zapitazo, ndipo Gwape sanamuganizirepo n'kamodzi komwe. Koma sanafulumire. Anatafuna nkhanu ija pang'onopang'ono, nkhope itagwa ngati wogulitsidwa chimanga chofumbwa.

"Mukundipweteka," anatero pomaliza. "Koma poti mwachita kutsika phiri nokha, ndavomera."

Nyalugwe anabwerera akudziyamikira, ndipo sanathe kusunga pakamwa. Makaputeni ena atatu atamva, nawonso anathamangira kumtsinje kukapereka awiriawiri kuti apulumutse akatswiri awo, ndipo Khwangwala anati lamulo silikuletsa. Kaputeni wotsalayo, Njati, yekha ndiye anakana, nati, "Atenge mmodzi amene amufuna, basi, tidzaphunzitsa wina." Motero Katumbu, yemwe ankayembekezera osewera asanu, anapezeka ali ndi asanu ndi anayi.

Tsiku losankha, onse opanda luzi anaimitsidwa pakati pa thamanda, khamu likuwayang'ana. Njiri sankadziwa kanthu za ulendo wa kumtsinje uja. Anangomva Khwangwala akutchula dzina lake ndi la Nungu pamodzi, Gwape n'kubwerera kwa anzake akudumphadumpha. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panali Nyalugwe.

"Bwana kaputeni, ndalakwa chiyani?"

"Sunalakwe kanthu," anayankha Nyalugwe, maso ali kwina. "Ndi mpira umenewu. Uyende bwino."

Zinamupweteka Njiri, zinamupweteka kwambiri, poti anasewera m'timu imeneyo zaka zisanu ndi zinayi ndipo ina sankaidziwa. Ananyamula ndodo yake n'kutsatira Katumbu, Nungu akubwera kumbuyo minga ikuchita phokoso.

Ochemerera a matimu akale anaipatsa dzina timu yatsopanoyo, ankaitcha Zotsalira. Katumbu sanalimbane nalo dzinalo, ndipo sanauze osewera ake kuti akabwezere. Anangoitana mmodzimmodzi n'kumuuza chimene anamuona akuchita bwino pa zaka zitatu zija, tsiku lake ndi malo ake. Atafika pa Njiri anati, "Inu musasinthe kalikonse. Muzingochita zomwe munkachita, ife tizikudikirani kutsogolo."

Mpira unayamba. Zotsalira zinagonja kawiri koyambirira chifukwa osewera sankadziwana, kenaka zinayamba kupambana mwakachetechete, chigoli chimodzi lero, ziwiri mawa. Nungu, yemwe ankati wakalamba uja, akaima pagolo n'kutukumula minga, womenya sankaonanso poponyera. Timu ya Njati nayo inkayenda bwino ndithu, poti inangotaya mmodzi, ndipo amene analowa m'malo mwake anapsa msanga.

Kwa Nyalugwe zinthu zinkayenda mokoka. Ankapambanabe, koma chifukwa cha mphamvu zake iye mwini, ndipo ankatuluka pa ayezi ali wefuwefu. Zigoli za Gwape zinayamba kusowa. Tsiku lina ankati ndodo yapindika, tsiku lina ankati ayezi ndi wonyowa, tsiku linanso ankati dzuwa linamuthobwa m'maso, ndipo Nyalugwe zonsezo ankazikhulupirira.

Kumapeto kwa Julayi kunatsala matimu awiri olimbirana chikho, ya Nyalugwe ndi ya Katumbu. Nyama zinadzaza m'mphepete mwa thamanda, za kumtsinje zitakwera phiri ndi ana omwe. Chikho chinaikidwa pachitsa, poonekera. Khwangwala anaponya phale pakati, ndodo zinagundana.

Gwape anathamangira pamalo pake pa masiku onse, kutsogolo kwa golo, n'kuima chilili kudikira. Phale linathawira m'bango. Adzukulu awiri a Nyalugwe analithamangira, koma anapeza Njiri atagwada kale, ndipo wina anaterereka n'kugwetsa mnzake. Njiri anafukula phale, kulikankhira kutsogolo, Katumbu n'kulimenya: chigoli.

Zinachitikanso chimodzimodzi kachiwiri, mbali inayo ya thamanda. Nyalugwe anakalipa, nasiya malo ake kukalimbana yekha m'mphepete, koma ntchito yogwada m'matope sankaidziwa ndipo ankanyansidwa nayo. Kamodzi kokha anathyola pakati n'kumenya mwamphamvu, phale n'kukakamira paminga ya Nungu. Gwape mpira wonsewo anakhudza phale katatu, ndipo ochemerera ake analeka kuimba mpira usanafike ndi pakati pomwe.

Khwangwala atayimba komaliza, zigoli zinali ziwiri kwa duu. Mwambo unkati kaputeni wogonja anyamule chikho ndi manja ake n'kukapereka kwa opambana. Nyalugwe anachinyamula, nawoloka nacho thamanda lonse. Katumbu anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kukankhira Njiri kutsogolo kuti alandire ndiye.

Nyalugwe anamuyang'ana kwa nthawi, kuyambira kumaondo mpaka kunkhope, ngati akumuona koyamba. Mkwiyo unali utamuthera, atangotsala ndi kudabwa.

"Iwe Njiri," anatero, "kaseweredwe aka unkakabisa kuti zaka zonsezi?"

"Sindinabise kanthu, bwana kaputeni," anayankha Njiri, akulandira chikho ndi manja awiri. "Ndasewera monga ndinkasewerera kwanu. Kungoti ndinkakhala kumbuyo kwanu, ndipo inu simunatembenukepo."

Phunziro: Usanasankhe woti umusunge ndi woti umutaye, yamba wadziwa amene amagwira ntchito imene imakupambanitsa. Nthawi zambiri si amene amaimbiridwa nyimbo, ndipo ukamupereka ndi manja ako, wina amene ankamuona adzamulandira.